Mchere wa Lachinayi

Anthu a m'layini ya kunjanji ku Rugare, mumzinda wa Harare, anamumenya Chenai Lachisanu m'mawa, ndipo anamumenya ndi mtima wonse, ngati kuti akhala akudikira tsiku limeneli chikwatiwireni mtsikanayo. Wina anabwera ndi chikuni, wina ndi payipi yothirira masamba, agogo ena osatha n'kuyenda komwe anavula patapata kuti nawonso asatsale. Anali atamupeza m'kabini ya matabwa kuseri kwa nyumba ya apongozi ake, Mayi Nachisale, atafungatira mutu wa mwamuna wake Clemence. Mutuwo unali wophwanyika kunkhongo. Ndani akanafunsanso funso? Mkazi ndi Mshona, wakufa ndi mwana wa Achewa anzathu, basi mlandu watha. Apolisi anachita kumuzula m'manja mwa anthu, mano ake awiri atatsala pafumbi.

Patatha sabata, maliro ataikidwa, Rebeka, mlongo wake wa malemuyo, anapita kukamuona ku selo. Sanapite chifukwa cha chikondi ayi, tisanamizane. Ankafuna akamuyang'ane m'maso munthu amene anapha achimwene ake.

"Tete," anatero Chenai, monga Ashona aitanira mlongo wa mwamuna. Mawu ankatulukira pa mpata wa mano. "Shingi wadya?"

"Ukufunsa za mwana? Za bambo wake bwanji sukufunsa?"

"Baba wake ndinamuona, Tete. Anali wozizira kale. Lachinayi lija masana anandimenya ndi lamba, ine kuthawa. Ndinatsata njanji mpaka ku Lochinvar, ndinagona m'kombi, minibasi yakufa, kuseri kwa garaja. M'mawa ndati ndikatenge mwana wanga. Ndiye ndapeza zija."

"Anakuona ndani?"

Chenai anaseka, kuseka koipa kotuluka ndi malovu ofiira.

"Ine? M'layini mwanu muja alipo amene amandiona ine?"

Panja, Sajeni Tafadzwa, amene ankayendetsa mlanduwo, analankhula m'Chishona kwinaku akuyasamula. Dokotala anali atanena kuti Clemence anafa Lachinayi, pakati pa masana ndi kulowa kwa dzuwa. Aliyense m'layini anali ndi mboni, kupatula Chenai.

"Lolemba akaonekera kukhoti," anatero Sajeniyo. "Anthu anu aja akayamba Chinyanja chawo ine ndimangomva phokoso. Mukapeza china, mubwere nacho Lolemba lisanafike. Mukapanda, ameneyu mwana wake adzamuonera pa chithunzi."

Rebeka atabwerera kunyumba anapeza amayi ake atabereka Shingi kumbuyo. Kadzanja ka mwanayo kanali komangidwa bandeji, ndipo amayi anati anagwira sitovu. Dzina anali atamusintha kale. Tsopano ankamuitana Kilemensi.

* * *

Funso lija lakuti "Shingi wadya?" linamukakamira Rebeka m'mutu. Munthu wopha mwamuna amayamba wafunsa za phala la mwana?

Ntchito yake pakiliniki inali yolondola matenda. Taifodi ikabuka, iye ndiye ankafufuza kuti wapatsira mnzake ndani. Pakompyuta ankajambula timabokosi: maina a anthu kutsika m'mbali, maina omwewo kudutsa pamwamba. Ngati uyu anakumana ndi uyo, kabokosi kokumanira maina awo kankada. Ukasuntha pang'ono n'kuyang'anira patali, dera lonse linkaonekera lokha: awa amatunga pamjigo umodzi, awa amapemphera pamodzi, uyu ndiye amadumphitsa matenda kuchokera uku kupita uko. Koma kompyuta anali ataisiya kuchipinda chake ku Sunningdale, ndipo ku Rugare magetsi anali atazima dzana.

Bambo Luka, mkulu wa m'layini momwemo amene anapuma ntchito ya njanji kalekale, ankakhala pansi pa mtengo wa mapeyala ndi bolodi lawo la dirafuti. Bolodi la dirafuti lili ndi mizere isanu ndi itatu uku ndi uku, ndipo makomo a m'layinimo, kuwerengera kabini ya Chenai, analinso asanu ndi atatu.

"Bambo, tandibwerekani bolodili ndi zitsekerero zanuzi."

"Mwanawe, bolodi langa ukufuna kulisandutsa ofesi?" Anakhuthula komabe chitini cha zitsekerero za mabotolo. Iwowa ndi amene anali mdzukulu wamkulu pamaliro, amene anasambitsa thupi. Anatsitsa mawu. "Ife adzukulu timaona zambiri, timakwirira pamodzi ndi mwini wake. Koma bala lija landisowetsa mtendere. Mbale wako anali wamtali ngati mzati wa magetsi. Kuti umufike kunkhongo, ndiye kuti anali atawerama. Ankaweramira chiyani?"

Rebeka analemba maina ndi choko m'mbali ndi pamwamba, nayamba kuyenda khomo ndi khomo. Funso linali limodzi: Lachinayi lija masana munaona yani?

Mayi Julia, a kwa Chipata, ogulitsa tomato pageti, sanadikire kuti funso lithe.

"Lachinayi? Ku Mvano, kuti kwinanso? Tonse azimayi tinali kutchalitchi, mayunifolomu mbuu. Ndinaona Nabanda, ndinaona akazi a Bambo Luka, ndinaona amako pabenchi ya kutsogolo ndi maso angawa."

"Anafika nthawi yanji amayi?"

"Iwe mwana, ine ndinapita kukapemphera, sindinapite kukalondera pakhomo."

"Chenai munamuona?"

"Ndimuonerenji? Ndi tomato?"

Primrose, woluka tsitsi, wobadwira momwemo ndipo Chichewa chake chosakaniza ngati phala la galu, anayankha chingwe cha tsitsi chili pakamwa.

"Ini ndinali pageti ndi kasitomala, sha. Onse anandiona, ndipo ini ndinawaona onse. Shuwa. Chenai? Aaa, uja amadutsa ngati mphepo, munthu sumuwerengera."

Dzuwa likupendeka, bolodi linali litadzaza. Aliyense anaona aliyense. Mwamuna wa Nabanda, amene Lachinayi anali ku fakitale ku Willowvale, anthu atatu anamuona m'layini! Mzere umodzi wokha ndiwo unali mbee, kuchokera kuno mpaka uko: wa Chenai.

Rebeka anakhala pansi, mtima ukumuwawa. Bolodilo silinamuuze za Lachinayi konse. Linangomuonetsa amene amakondana ndi amene amadedwa. Akanafunsa za tsiku lililonse pa zaka zimene Chenai anakhala pakati pawo, mzere wake ukanatuluka chimodzimodzi. Ndipo iyenso Rebeka, kunena zoona, sakanakhala ndi chitsekerero choika pamenepo.

"Funso lako ndi la apolisi," anatero Bambo Luka. "Funso la apolisi munthu amaliyankha atavala jekete."

* * *

Loweruka m'mawa Primrose anatulukira pamtengo paja atanyamula kathumba ka mchere, akudandaula.

"Tete Rebeka, amai vako atani? Matemba anga akupserera pa gasi. Ndapita kuti andithirire mchere, andibweza pakhomo ngati ndabwera kudzapempha ngongole. Iwe uli bwino? Tiye ukandithirire."

Anthu athu a ku Harare anaiwala zambiri. Ana awo Dedza sadziwa kuti ili mbali iti, ena kupereka moni m'Chichewa lilime limapota. Koma mchere, ha, mchere sanaiwale! Mkazi akakhala kumwezi sathira mchere m'ndiwo. Amati magazi ndi otentha, ndipo mwana akadya mchere wa dzanja lotentha amadwala mdulo, kutupa miyendo, kutsokomola mpaka kufa. Tsono mkaziyo amaitana mnzake, makamaka mayi wachikulire amene anasiya kalekale za kumwezi, kuti amuthirire. Ngakhale Primrose wa mathalauzi ndi zikhadabo zopenta ankamvera, poopa pakamwa pa apongozi ake. Ndipo m'layini imeneyo wothirira onse anali Mayi Nachisale, wamasiye, wa Mvano, wa manja ozizira.

Rebeka anakamuthirira Primrose. Pobwerera anasesa bolodi lonse ndi mkono, zitsekerero mbwee pansi.

"Wapenga?" anafunsa Bambo Luka.

"Ndapeza funso lopanda jekete, bambo."

Maina anawasiya momwe analiri. Koma tsopano mzere wogona unali wa munthu wothira, woimirira wa mwini mphika. Anayambanso makomo, akuseka, ngati akungocheza. Mwezi wathawu anakuthirirani ndani mchere? Palibe ananama. Anamiranji? Nkhani ya mchere ipha yani? Azimayi anayankha mokondwa, ena mpaka kutchula ndiwo zake.

Bambo Luka anawerama pabolodi. Mzere wogona wa Nachisale unali wodzaza zitsekerero kuchokera kuno mpaka uko. Ngakhale pa kabokosi ka Chenai panali chitsekerero. Mzere wawo woimirira unali wopanda kanthu, poti mphika wa Nachisale sunkafuna dzanja la munthu wina.

"Zodziwika izi," anatero mkuluyo.

"Dikirani." Rebeka anasesanso, nazungulira kachiwiri. Nanga masiku ano, chimwalirireni Clemence?

Atamaliza kuika, anasuntha pang'ono n'kuyang'anira patali monga ankachitira kuntchito. Mzere uja unali utadzuka. Wogona unali mbee, woimirira wodzaza. Nachisale sanathirire munthu aliyense, koma Nabanda anawathirira, akazi a Bambo Luka anawathirira, pafupifupi layini yonse inawathirira.

"Ndi chisoni chimenecho," anatero Bambo Luka msanga. "Namfedwa sagwira mphika wa eni. Usaganize zambiri."

Rebeka anapuma. Inde, chisoni. Anafuna ndi mtima wonse kuti chikhale chisoni. Kupatula ka Chenai, kabokosi kamodzi kokha ndiko kanatsala, ka Mayi Julia, amene anali atapita kukapikula ku Mbare. Anatulukira masana, dengu lili pamutu, ndipo ataona anthu atazungulira bolodi sanafune kutsalira.

"Za mchere? Ikapo changa, ndipo uike chachikulu! Woyamba kuwathirira amako ndine. Tangochoka ku Mvano, andiitana pampanda. Ati, Julia, tabwera undithirire m'nyembamu mwanayu adye. Ine kuseka. Ndati, amayi, mwabwerera kuutsikana? Iwo osaseka n'komwe."

"Linali Lachisanu limenelo," anatero Rebeka. Mawu ake anatuluka aang'ono. "Mtembo utapezeka."

"Lachisanu lanji? Mvano ndi Lachinayi, dzulo lake! Ndinali ndisanavule n'komwe yunifolomu, ndinachita kupinda mkono wa bulauzi kuti..."

Mayi Julia anaima. Anayang'ana bolodi, anayang'ana Rebeka, kenako anagwira pakamwa ndi manja onse awiri. Dengu linapendekeka, tomato n'kugubuduzika mpaka mu ngalande, koma palibe anawerama kutola.

Lachinayi madzulo kunalibe maliro. Kunalibe namfedwa. Panalibe munthu m'layini yonse amene ankadziwa kuti Clemence wagona m'kabini, kupatula amene anamugoneka.

Bambo Luka anayamba kutolera zitsekerero zawo, chimodzichimodzi.

"Khoswe wakhala pamkhate, mwanawe," anatero osadzutsa mutu. "Zisiye. Mshona uja ali ndi kwawo. Iwe uli ndi mayi mmodzi."

* * *

Sanazisiye. Lamulungu, anthu atachoka kutchalitchi, anamuimbira Sajeni Tafadzwa kuti adzaime pageti n'kudikira, kenako analowa m'khitchini. Amayi ake anali akutakasa nyemba pa sitovu ya parafini, Shingi ali kumbuyo akulira njala.

"Wabwera bwino," anatero Nachisale. "Tandithirira mchere. Kilemensi adye."

"Ndili kumwezi, amayi." Linali bodza. Anatenga kabotolo ka mchere n'kukaika pafupi ndi dzanja lawo. "Thirani nokha."

"Kaitane Julia."

"Mayi Julia kulibe."

"Nabanda."

"Kulibenso. Mwana akulira, amayi. Mwathirira layini yonse zaka zonsezi. Thirani."

Nachisale anayang'ana mcherewo ngati akuyang'ana njoka. Dzanja linanyamuka, linafika pakati, linabwerera pachitenje. Mwana anakuwa kwambiri. Iwo anamugwedeza, shii, shii, maso ali pa mwana wawo wamkazi.

"Ndinakutumiza kusukulu kuti uzidzandiseweretsa pa dirafuti?"

"Bwanji manja anu atentha, amayi?"

"Magazi ndi magazi," anatero mwakachetechete. "Kaya a mwezi, kaya ena. Mwanayu ndimudule ndi manja anga, nditamupulumutsa ndi manja omwewa?"

Anakhala pa kampando. Analankhula mosalira, ngati akufotokoza mtengo wa makala. Clemence anali atasuta mankhwala ake aja, mutoriro, amene anasandutsa anyamata ambiri a m'matauni zilombo. Mkazi atathawa, anabwera kudzalanda mwana kumsana kwa agogo ake. Iwo anali akusita bulauzi ya Mvano pamene anamva kukuwa. Atathamangira kukabini anamupeza atawerama, atakanikiza kadzanja ka mwana pa sitovu yoyaka, akuti, lira kwambiri amako amve abwere.

"Pakhomo panali chidutswa cha njanji chija bambo ako ankatchingira chitseko. Kamodzi kokha, Rebeka. Ndinamubereka ndine, ndinadziwa pofewa."

"Kenako?"

"Kenako ndinamanga mwana bala, ndinasamba, ndinavala, ndinapita ku Mvano. Ndinaimbitsa nyimbo ndine tsiku limenelo."

Rebeka anamva chisoni chikumukwera mpaka m'maso. Akanathera pomwepo, bwenzi atawakumbatira. Koma kunali mano awiri aja pafumbi.

"Nanga Chenai? Woyamba kukuwa kuti wapha anali ndani, amayi?"

"Ndine."

"Munaima pakhonde akumumenya."

"Ndinaima. Ndipo mawa ndikhoza kuimanso." Tsopano mawu anauma. "Mkazi wanji wothawa n'kusiya mwana pafupi ndi chilombo? Akatuluka uja anyamula mwanayu kupita naye kwawo ku Murehwa, akamuphunzitse kutitcha mabwidi, dzina lotinyozera ife obwera, monga achitira anzake. Ndiye kuti ine ndapha mwana wanga kuti ndikhale ndi chiyani? Khoma? Iyeyo ndi wamng'ono, m'ndende adzatuluka, adzabereka ena. Ine ndibereka ndi chiyani?"

"Sanalakwe, amayi."

"Ndani wakuuza kuti m'ndende mumalowa olakwa?"

Chitseko chinalira. Sajeni Tafadzwa anaima pakhomo, chipewa chili m'manja. Chichewa sankamva, koma nkhope za anthu awiriwo anazimva. Rebeka anamufotokozera m'Chishona, mawu onse, osasiyapo, amayi ake akumvetsera mwana wawo akuwapereka m'chilankhulo cha eni dziko.

Nachisale sanakane. Anamasula chitenje, anamutsitsa Shingi, anamupsompsona pa bandeji, n'kumukhazika pansi, osati m'manja mwa Rebeka. Analowa kuchipinda natuluka atavala duku loyera la Mvano. Panja layini yonse inali itaima m'mageti, chete, opanda chikuni, opanda payipi. Patapata za agogo aja zinali kumapazi.

Pakhomo anatembenuka.

"Ndinabereka awiri," anatero. "Mmodzi ndamuika ine. Winayu waika ine." Anayang'ana mphika, kenako manja a Rebeka. "Iwenso usathiremo. Manja ako tsopano ali ngati anga."

Anatuluka, Sajeni ali pambuyo.

Rebeka anatsala ndi mwana wolira ndi nyemba zobwata. Chenai adzatuluka mawa kapena mkuja, koma njala ya mwana sidikira khoti. Anatenga kabotolo ka mchere. Iyeyu ndi munthu wa kukiliniki, wodziwa kuti mdulo suoneka pa makina alionse, ndipo kangapo konse anawasekapo amayi ake pa nkhani yomweyi. Anathira mcherewo pachikhatho, anatambasula dzanja pamwamba pa mphika. Zala zinakana kutseguka.

Anatuluka nawo mcherewo uli m'manja, nakaima pampanda.

"Mayi Julia! Tabwerani mundithirire!"

Mayi Julia anamuyang'ana, analowa m'nyumba, natseka chitseko.

"Primrose! Mayi Nabanda!"

Mageti anatsekeka limodzilimodzi mpaka kumapeto kwa layini. Pansi pa mtengo wa mapeyala Bambo Luka anali atatembenuza bolodi lawo chafufumimba.

Shingi anadya nyemba zopanda mchere tsiku limenelo. Analavula kawiri, koma njala inamukakamiza.